Mwatenga chaulere, nanga dzina la mwini mwalisiyiranji?

Mu Okutobala 2025 bungwe la Wikimedia Foundation, lomwe limasamala Wikipedia, lidalengeza kuti maulendo a anthu otsegula masamba ake adatsika ndi pafupifupi 8 peresenti poyerekeza ndi miyezi yomweyo m'chaka cha 2024. Sikuti anthu aleka kufunsa mafunso ayi. Akufunsabe, mwinanso kuposa kale, koma yankho akulilandirira pakhomo, kwa makina monga ChatGPT kapena pamwamba penipeni pa tsamba la Google, osafikanso kumene nzeruzo zidachokera. A bungwelo adati ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zake. Ena anena kuti iyi ndi nkhani ya azungu ndi makompyuta awo. Inetu ndikuti ndi yathu yomwe, poti funso lomwe lagona pansi pake timakangana nalo tsiku ndi tsiku mumsika ndi m'kalasi: munthu akagwira ntchito nkuipereka kwa onse osalandira kanthu, kodi dzina lake lithere kuti?

Ife kuno za dzina timazidziwa bwino. Pamaliro, amene wapereka chipepeso, kaya ndi ndalama kaya ndi lichero la ufa, amatchera khutu kuti amve dzina lake pamene akuwerenga m'kope. Kutchalitchi pa Pepa Sande nchimodzimodzi. Woperekayo sayembekezera kubwezeredwa, angofuna kuti anthu adziwe kuti naye adagwirako. Mlembi akangodumpha dzina la munthu, mawa lake mumva kung'ung'udza mudzi wonse. Koma tikudziwanso kuti maliro akakhala a munthu wotchuka, kope limadzaza, dzuwa nkumapendeka, ndiye owerenga amayamba kuphatikiza: a mpingo wakutiwakuti apereka zakuti, mavenda a mumsika waukulu apereka zakuti. Maina amira m'gulu. Vuto lomweli ndi lomwe lakhala likuzunguza mitu ya okonza malaisensi a ufulu kwa zaka zoposa 30.

Tiyambe ndi lamulo, abale anga, kuti timvane. Munthu akalemba buku, kujambula chithunzi kapena kupeka nyimbo, lamulo limamupatsa umwini pa ntchitoyo pompopompo, ndipo wina sangaikope kapena kuigulitsa popanda chilolezo chake. Maiko adagwirizana za izi m'pangano la ku Berne la mu 1886, ndipo pamsonkhano wa ku Rome mu 1928 adaonjezeramo mfundo yoti mwini luso ali ndi ufulu wotchulidwa dzina ngakhale atagulitsa kale umwini wakewo. Dziko la Malawi lidalowa m'panganoli mu 1991. Lamulo lathu la mu 1989 ndilo lidabala bungwe la COSOMA mu 1992, ndipo mu 2016 Nyumba ya Malamulo idavomereza lina latsopano. Amene mudagulitsapo makaseti ndi ma CD, kasitika kaja komata pachikuto mukukakumbukira.

Tsono malaisensi a ufulu sadabwere kudzafafaniza lamuloli, amatsamira pa ilo lomwe. Mwini ntchito amanena pagulu kamodzi kokha kuti: tengani, kopani, sinthani, ngakhale kugulitsa gulitsani, musandifunse ndiponso musandilipire, bola mutsate mfundo zanga izi. Chichewa chimatithandiza apa, chifukwa chimasiyanitsa ulere ndi ufulu pamene Chingerezi chimadalira liwu limodzi pa zonse ziwiri. Richard Stallman wa ku America, amene adatulutsa laisensi ya GPL ya mapulogalamu a pakompyuta mu 1989, wakhala akutsindika kuti chomwe akumenyera ndi ufulu wogwiritsa ntchito ndi kusintha, za mtengo nzina. Bungwe la Creative Commons, lomwe mmodzi mwa oliyambitsa mu 2001 adali katswiri wa malamulo Lawrence Lessig, lidatenga ganizoli nkulifikitsa ku mabuku, zithunzi ndi nyimbo. Malaisensi ake oyamba adatuluka mu Disembala 2002.

Mukaona zilembo za CC pansi pa chithunzi kapena kumapeto kwa buku, yang'anani zomwe zikutsatira. BY akutanthauza kuti tchulani mwini. SA akuti mukasintha, chomwe mwapangacho muchipereke pa chilolezo chomwecho. NC akuletsa kuchitira malonda, pamene ND akuletsa kufalitsa zomwe mwasintha. Chondichititsa chidwi nchakuti poyamba BY adali wochita kusankha, wofuna kutchulidwa amuike, wosafuna amusiye. Patangopita chaka ndi theka bungwelo lidaona kuti anthu 97 kapena 98 mwa 100 alionse ankasankha kutchulidwa, ndipo potulutsa mtundu wachiwiri mu Meyi 2004 lidangokhazikitsa kuti malaisensi ake onse 6 azikhala ndi BY. Taonani apa: anthu oti ndalama adazikana okha, koma dzina adalikakamira. Ofuna kutaya zonse, ndi dzina lomwe, adawakonzera khomo lawo lapadera mu 2009 lotchedwa CC0.

Kutchula munthu mmodzi nkosavuta. Mavuto amayamba manja akachuluka. Oyamba kulawa izi adali a mapulogalamu. Laisensi yakale ya BSD ya Yunivesite ya California ku Berkeley inkalamula kuti malonda alionse otsatsa zomwe pulogalamuyo imachita azikhala ndi chiganizo chothokoza yunivesiteyo. Zabwino ndithu. Koma aliyense woonjezerako kanthu adayamba kuikamo chiganizo chake chofuna kuti naye athokozedwe, mpaka Stallman atawerenga m'pulogalamu ya NetBSD ya mu 1997 adapezamo ziganizo 75 zotere. Tangoganizani chikwangwani cha pagolosale chokhala ndi mizere 75 yothokoza, dzina la sopo mukugulitsayo lilowa pati? Mu Julayi 1999 a ku Berkeley adaichotsa mfundoyo.

Masiku ano maina a mtundu umenewu amakhala m'kachipinda kobisika. Inu ogulitsa mafoni a Tecno ndi Itel, tayesani tsiku lina kulowa mu Settings, mufufuze pomwe alembapo za malamulo a foniyo ndi malaisensi ake. Mupeza chimndandanda chachitali choti chala chitopa musanafike kumapeto. Amenewo ndiwo maina a anthu ndi mabungwe omwe ntchito yawo ikuyendetsa foni mukugulitsayo, poti pansi pa Android pali Linux, imene Linus Torvalds wa ku Finland adaiyamba mu 1991 ndipo anthu zikwizikwi akhala akuikonza. Lamulo latsatidwa, maina alipo, koma ndani mwa makasitomala anu adawaonapo?

Wikipedia, yomwe idayamba pa 15 Januwale 2001, idagwa m'dzenje lakuya kuposa apa. Nthawi imeneyo Creative Commons idali isanatulutse kanthu, choncho idatenga laisensi ya GFDL, yomwe bungwe la Stallman lidakonzera mabuku ofotokoza za kagwiritsidwe ntchito ka mapulogalamu. GFDL imalamula kuti wokopa aphatikizepo mawu onse a laisensiyo, omwe ndi masamba angapo, asunge mbiri ya chikalatacho, ndipo akasintha kanthu atchule alembi akuluakulu osachepera asanu. Ku buku la alembi atatu izi zimayenda. Nanga nkhani ya pa Wikipedia yomwe aigwira anthu chikwi? Asanu akuluakuluwo ndi ati? Kodi ndi amene adalemba mawu ambiri, ngakhale mawuwo adafufutidwa kalekale? Kodi ndi amene adalowamo kambirimbiri kudzangokonza mipumiro? Nanga wosokoneza uja adalembamo zotukwana, naye dzina lake likhalepo poti m'mbiri akuoneka? Mphunzitsi wofuna kusindikizira ana asukulu nkhani ya tsamba limodzi ankayenera kumatapo laisensi yaitali kuposa nkhaniyo.

Njira yotulukira idapezeka mu 2008 ndi 2009. Olemba pa Wikipedia ankavomereza kuti ntchito yawo ili pansi pa GFDL ya nthawiyo kapena mtundu wina uliwonse wodzatuluka m'tsogolo. Kachiganizo kameneka ndiko kadatsegula chitseko. Mu Novembala 2008 bungwe la Free Software Foundation lidatulutsa mtundu wa 1.3 wolola masamba olembedwa ndi gulu kusamukira ku CC BY-SA, bola achite izi pofika pa 1 Ogasiti 2009. Kudachitika chisankho, mavoti okwana 17,462 adawerengedwa, ndipo pafupifupi 76 peresenti adavomera. Kuyambira mu Juni 2009, aliyense wolemba pa Wikipedia amavomereza kuti wokopa nkhani akangoika linki kapena adiresi ya tsambalo, wamutchula mokwanira. Wofuna kudziwa maina atsate linkiyo, akatsegule mbiri ya tsamba, awapeza onse ndi tsiku ndi ola lomwe aliyense adagwirako. Koma onani kuti ambiri mwa omwe adalemba m'zaka zoyambirira sadavote nawo. Ena adali atasiya, ena atamwalira. Adasamutsidwa onse limodzi ngati katundu wa m'lole.

A OpenStreetMap, mapu a dziko lonse ojambulidwa ndi anthu ongodzipereka omwe Steve Coast adayambitsa ku Britain mu 2004, adatsata njira ina. Pofuna kusamukira ku laisensi ya ODbL adafunsa wojambula aliyense payekha. Amene adakana kapena sadayankhe, ntchito yawo idachotsedwa pamapupo mu 2012, ngakhale izi zidasiya mabowo ofunika kujambulanso. Kumeneko ndiye kulemekeza munthu. Koma pa za dzina nawonso adathera pomwepo: pakona ya mapu pamangolembedwa mzere umodzi wothokoza onse othandiza pa OpenStreetMap. Namondwe wa Idai atawononga mu Malichi 2019, anthu ongodzipereka a m'maiko osiyanasiyana adakhala pamakompyuta kujambula nyumba ndi misewu ya madera okhudzidwa ku Mozambique, Zimbabwe ndi kuno ku Malawi kuti opereka chithandizo adziwe kolowera. Onsewo ali m'kamzere kamodzi kameneka.

Kodi uku nkubera anthu? Ine ndikuti ayi. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga likakwera simungalembe dzina la aliyense pa phaso lake. Wikipedia ya Chingerezi idapitirira nkhani 7 miliyoni mu 2025, ndipo kukadakhala koti wokopa aliyense azilemba maina onse, bwenzi palibe akukopa mwalamulo. Ubwino wa linki ngwakuti ndi njira yobwerera kumudzi. Woitsata amapeza maina, amaona ngati nkhani yakonzedwa chikopereni, amadziwa woti amufunse ngati muli bodza, ndipo mmodzi mwa ambiri amakopeka nkuyamba kulemba naye. Pangano lake linali lotere: maina athu tiwabisa m'gulu, koma inu musatseke njira yofikira kwa ife.

Chofooka chake nchakuti linki imafuna foni, netiweki ndi bandulo. Papepala ndi mzere wa zilembo chabe, ndipo kuno kwathu nzeru zambiri zimayendabe papepala, m'manotsi a fotokope ndi m'tizithunzi tojambula pa sikirini totumizirana pa WhatsApp. Apo njira yobwerera imaduka pa munthu woyamba. Ngakhale kunja komwe zidaonekapo. Cha m'ma 2009 ndi 2010 kampani ya VDM ya ku Germany, kudzera m'maina monga Alphascript ndi Betascript, idasonkhanitsa nkhani za pa Wikipedia nkuzigulitsa pa Amazon ngati mabuku zikwizikwi, pachikuto pali maina a akonzi ake. Laisensi imalola kugulitsa, ndipo m'mabukumo ankatchula kumene nkhanizo zidachokera. Koma wogula woyang'ana chikuto ankaona maina ena, olemba enieni ali phee kumbuyo.

Mwina wina afunsa kuti, nanga munthu akangonyozera osatchula dzina nkomwe, angamutani, poti chinthucho nchaulere? Makhoti adayankha kale. Robert Jacobsen, mphunzitsi wa sayansi ku Berkeley, ankatsogolera gulu lopanga pulogalamu yoyendetsera tisitima tazidole. Kampani ya Matthew Katzer idatenga mbali ya ntchitoyo, kuchotsamo maina a eni ake, nkuiika m'malonda ake. Mu Ogasiti 2008 khoti la apilo la ku America lidagamula kuti mfundo za laisensi yaulere ndi malire a chilolezo, wozilumpha waphwanya umwini ngakhale pasakhale ndalama yomwe mwiniyo amalipiritsa. Mlanduwo udatha mu 2010 Katzer atavomera kulipira madola 100,000. Ku Amsterdam nako, mu Malichi 2006, khoti lidaimira Adam Curry, amene kale adali muulutsi pa MTV, magazini ya Weekend itasindikiza zithunzi zake za pa Flickr mosatsata laisensi ya CC. Khoti lidachenjeza kuti akadzabwerezanso adzalipira mayuro 1,000 pa chithunzi chilichonse.

Koma walira mvula walira matope. Lamulo litakhala ndi mano, akathyali nawo adaona mwayi. Malaisensi akale a CC ankati ukangolakwitsa mfundo imodzi, chilolezo chatha pomwepo. Ndiye ena adayamba kumwaza zithunzi pa intaneti ngati nyambo, nkumadikira munthu aiwale linki kapena alembe dzina moperewera, kenako nkumutumizira kalata yofuna madola mazanamazana. Ogwidwa ambiri ndi timabungwe ndi timabizinesi ting'onoting'ono tomwe tidayesetsa ndithu kutchula mwini koma tidaphonya kachigawo kamodzi. Pofuna kutseka msamphawu, mtundu wa 4.0 womwe udatuluka mu Novembala 2013 udapereka masiku 30 oti munthu akonze cholakwacho atachizindikira, chilolezo nkubwerera chokha. Udanenanso kuti dzina litchulidwe m'njira yoyenerana ndi malo ake, poti wailesi, buku ndi foni sizitchula mofanana. Wikipedia idasamukira ku 4.0 mu 2023. Koma zithunzi zambirimbiri zikadali pa malaisensi akale aja, choncho nambala ija yolembedwa pambuyo pa zilembo muziyiwerenga.

Tsopano tafika pa chilombo chatsopano. Makina oyankha mafunsowa amaphunzitsidwa pomeza zolembedwa zochuluka zedi, ndipo Wikipedia ndi chimodzi mwa zakudya zawo zodziwika. Akamayankha, kawirikawiri sanena kuti chiganizo ichi chachokera kwa uje. Mu Novembala 2022 opanga mapulogalamu ena adasumira makampani a GitHub, Microsoft ndi OpenAI ku California ponena kuti makina a Copilot amatulutsa ntchito yawo atachotsa maina ndi malaisensi. Mu 2024 woweruza adataya mbali zambiri za mlanduwo. Pagona vuto ndi apa: laisensi imagwira ntchito pokhapokha pamene lamulo likufuna kuti munthu apemphe chilolezo. Makampaniwa amanena kuti malamulo a ku America amawalola kuphunzitsa makina popanda kupempha, ndipo ngati khoti livomereza zimenezo, BY alibe pogwira. Komanso lamulo la umwini limateteza kalembedwe, siliteteza mfundo. Kuti nyanja yakuti ndi yakuya mamita akuti si chuma cha munthu. Makina akatenga mfundo zomwe wina adazifufuza usiku wonse nkuzinena m'mawu ena, lamulo limangoyang'ana. A Creative Commons eni ake adaliona bowoli, ndipo mu Juni 2025 adalengeza kuti akukonza zizindikiro zatsopano zoti eni nkhokwe za zolembedwa azinenera zomwe akuyembekezera kwa makina, kuphatikizapo kutchulidwa. Koma kuyembekezera ndi kulamula nzosiyana.

Pano mpamene ndimakumbukira mbiri ya liwu loti thangata. Poyamba linkatanthauza kuthandizana, kulimira mnansi kapena mfumu mwa kufuna kwako. Atsamunda atatenga minda ikuluikulu ku Thyolo, Mulanje, Chiradzulu ndi Zomba, liwu lomwelo lidasanduka ntchito yokakamiza yolipirira malo okhalapo, ndipo ichi chidali chimodzi mwa zomwe zidakwiyitsa John Chilembwe ndi anthu ake mu 1915. Sindikunena kuti wolemba pa Wikipedia akukwapulidwa ayi, amalemba mwa kufuna kwake. Ndikungoti ntchito yothandizana imasintha fungo ikayamba kunenepetsa munthu mmodzi pamene ogwira ntchitoyo satchulidwa nkomwe. Timaziona m'midzimu: anthu aumba njerwa, atuta mchenga, atunga madzi, sukulu yatha, koma pamwala wotsegulira pali dzina la nduna ndi la opereka malata. Chaka chamawa mukaitananso chitukuko, muona ndi angati abwere ndi zikombole.

Ena amati kufuna kutchulidwa ndi matama chabe. Ine amene ndimadyera cholembera, yunivesite nditaisiya panjira, ndikudziwa kuti dzina pansi pa nkhani ndiyo setifiketi yomwe ndili nayo. Nkhani zanga zakhala zikuzungulira m'magulu a pafoni dzina litadulidwa, pena wina ataikapo lake, ndipo mkonzi amene akadandipatsa ganyu ataiwerenga sadziwa woti amuimbire. Dzina limatetezanso owerenga. Nkhani ya mankhwala kapena ya mitengo ya fetereza yopanda mwini ili ngati nyama yogula mumdima, ikakupweteka m'mimba ulibe komubwezera. Malaisensiwa adaganiziranso woopa kudziwika: amalola dzina lodzipatsa, ndipo mwini angathe kupempha kuti dzina lake lichotsedwe pa ntchito yomwe ena aisintha mosamukomera. Akuluakulu athu omwe akukumbukira nthawi ya chipani chimodzi, pamene dzina pansi pa nkhani linkatha kukhala tikiti ya ku Mikuyu, amvetsa kufunika kwake. Chachikulu nchakuti wosankha akhale mwini ntchito, osati wokopa.

Tsono kwa inu anzanga a mashopu a fotokope, osindikiza makalendala, mabuku a ana ndi zikwangwani, muli chuma m'malaisensi amenewa chomwe ambiri simukuchitola. Bungwe la Saide la ku South Africa lidatsegula African Storybook mu 2014, momwe muli timabuku ta ana m'zinenero zambiri za mu Africa, Chichewa chomwe, ndipo tambiri tili pa CC BY. Mungathe kusindikiza nkugulitsa poyera, opanda wokulandani katundu. Mtengo wake ndi tsamba lomwe lili ndi dzina la wolemba, wojambula ndi womasulira. Mukalidula kuti mupulumutse pepala, mwadula chilolezo chanu chomwe. Zofunika kulemba ndi zinayi basi: mutu wa ntchitoyo, dzina la mwini, kumene mwaitenga, ndi laisensi yake. Ngati mwasintha kapena kumasulira, nenani kuti mwatero. Musalembe ngati kuti mwiniyo akuvomereza malonda anu, zimenezo nzoletsedwa. Mukaona NC samalani. Ku America khoti la apilo lidagamula mu 2018, pamlandu wa Great Minds ndi FedEx, kuti shopu yosindikizira sukulu mabuku a NC sukuluyo itaituma sinalakwe ngakhale idalandira malipiro. Koma kutumidwa ndi kasitomala nkosiyana ndi kuunjika mabukuwo pashelefu kuti muzigulitsa nokha, ndiponso chigamulo cha ku America sichimanga khoti la ku Blantyre.

Inu ophunzira, musasokoneze zinthu ziwiri. Laisensi ikukulolani kukopa, koma siikukulolani kunama kuti mwalemba ndinu. Ngakhale cholembedwa chili pa CC0, mphunzitsi akakupezani mwachiika m'ntchito yanu osatchula gwero, mlandu wakuba nzeru ulipobe, ndipo laisensi sidzakuimirani pamaso pa komiti. Ndipo tsiku lomwe mudzafune kupereka zanu, ndakatulo, chithunzi, nyimbo kapena nkhani pa Wikipedia ya Chichewa yomwe ikadali yowonda kwambiri, dziwani kuti chilolezochi sichibwezedwa. Mungathe kusiya kugawa, koma amene adatenga kale apitiriza mwalamulo. Nkhanga zidapangana kusanapse. Sankhani zilembo zanu mutakhala pansi, mukudziwa kuti mukapereka pa BY wina angathe kupanga nazo ndalama inu osalawako, ndipo kuti pa ntchito ya gulu dzina lanu likakhala m'mbiri ya tsamba, osati pachikuto.

Kwa makampani a makina oyankhawa pempho nlosavuta, ndipo ena mwa iwo ayamba kale kuika malinki pansi pa mayankho, zomwe zikusonyeza kuti nzotheka. Aonetse gwero pamalo oonekera, nthawi zonse, osati pokhapokha zikawakomera. Nawo a COSOMA, aphunzitsi a m'makoleji ndi mabungwe a alembi achite chamuna pophunzitsa anthu malaisensiwa m'zinenero zathu, poti pakadali pano wophunzira wathu amakumana ndi zilembo za CC pafupifupi tsiku lililonse koma palibe adamuuzapo tanthauzo lake. Akuluakulu adati kupatsa nkuika. Anthu adaika nzeru zawo poyera kuti ife tizitapa osalipira, ndipo zomwe adapempha ndi mzere umodzi wa inki. Mawa mukamasindikiza kanthu komwe simudalembe ndinu, siyani kampata pansi pa tsamba, mulembepo mwini wake.